Ba Daka ndi Pawa Sapulayi Yopserera

Pa maliro a ba Daka, chithunzi chawo anachionetsa pakhoma la tchalitchi ndi kompyuta yomwe ija imene anawatulutsira mu mpingo. Ine ndinakhala kumbuyo, pa benchi limene ndinakhoma ndekha kalekale, ndipo nyimbo ikaduka ndinkamva fani yake ikupuma bwinobwino pafupi ndi guwa. Ndinkawadziwa manja amene anaipatsa mpweya umenewo. Manjawo anali m'bokosi, atapingasa pachifuwa. Pamwamba pawo mtsogoleri wa mpingowo, amene anthu ake amamutcha ba Papa, ankapukuta thukuta akunena kuti Mulungu watenga mzati wa nyumba yake.

Mzati! Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere wa magazi. Papita miyezi tsopano, ndipo ndakhala ndikupemphera kuti mkwiyo uwu undichoke. Sukuchoka. Ndayamba kuganiza kuti mwina sunaperekedwe kwa ine kuti ndiumeze, ndiye ndaulemba.

Ine ndine kalipentala wa mu komboni ya Kalingalinga. Shedi yanga inagundana ndi khonde la ba Lameki Daka, mkulu wa ku Katete amene ankakonza makompyuta pa tebulo lachitsulo loyang'ana kumsewu. Chinansi chathu chinayamba ndi ndewu ya utuchi. Mwezi wa mphepo ukafika, ine ndikamapala matabwa, utuchi unkauluka n'kukatera m'makompyuta awo otsegula. Ankatulukira kuseri kwa khoma, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"A Tembo, mukundiphera odwala!"

"Mudala, mphepo si yanga. Ni ya Mulungu."

"Mphepo ndi ya Mulungu, koma akupala matabwa ndinu. Musamuike Mulungu pa milandu yanu."

Tinamaliza ndi kusoka masaka a ufa n'kuwapachika pakati pathu. Masakawo alipobe.

Odwala ndilo dzina limene ankapatsa makompyuta onse ofika pa tebulo lawo. Ntchitoyi sanakule nayo. Ali mnyamata ankagwira kumafakitale, kumadzulo kwa tauni, akukonza masikelo ndi mataipilaita a m'maofesi. Kampaniyo itatseka, imvi zili kale m'mutu, anatola kompyuta yakufa imene ofesi ina inataya, ndipo anaimasula ndi kuimanga mobwerezabwereza mpaka anaidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Anyamata ankawaseka: mudala wa malaya oyera ndi tayi yothimbirira, buku la Mawu a Mulungu lili m'thumba la jekete, akuphunzira zinthu za ana. Patapita nthawi anyamata omwewo ndiwo ankabwera akukankha mawilibala, atanyamula makompyuta a m'timashopu tawo tojambulira mapepala ndi toikira nyimbo m'mafoni.

Wodwala akafika, ba Daka sankayamba ndi sikuludilaiva. Ankayamba ndi mphuno. Ankawerama kumbuyo kwa bokosi, pamene pali fani, n'kununkhiza ngati mayi wogula nsomba za kapenta. Kenaka ankafunsa mwini wake mafunso ochititsa manyazi. Mumaiika pansi kapena patebulo? Mumadyera pafupi nayo? Malaiti akapita mumazula pulagi kukhoma, kapena mumangoisiya kuti akabwerera ndi ukali wawo wonse aipeze ili chigonere? Munthu akanama, za m'kati zinkamuulula. Ine ndi maso angawa ndinaonamo mphemvu, nyenyeswa za buledi, ngakhale buluzi wouma.

Fumbi ankachotsa ndi bulashi yofewa yopentera ndi pampu ya njinga. Kuuzira ndi pakamwa ankaletsa, ati malovu ndi madzi. Popopa ankagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Ankakonda kunena kuti ife tinaumbidwa ndi fumbi ndipo tidzabwerera komweko, koma kompyuta ilibe pangano loterolo, choncho tisaifulumizire. Asanadine batani pa makina amene angokonza, ankaweramitsa mutu kaye, koma munthu akawayamikira kuti pemphero lawo ndi lamphamvu ankamudzudzula pomwepo. Ankati pemphero ndi lothokoza amene anawapatsa maso ndi zala, osati lolowa m'malo mwa waya wosalumikizidwa.

Koma chiphunzitso chawo chachikulu, chimene aliyense wa mumsewu wathu anachimva mpaka kutopa nacho, chinali chakuti chinthu chimenechi chimapuma. Chimakoka mpweya kutsogolo ndi m'mbali, chimautulutsa kumbuyo. Ukachitsamiritsa kukhoma wachitseka mphuno. Ukachiphimba chikugwira ntchito wachigwira pakhosi. Uzichiphimba chikazima ndi kuzizira, osati chili moyo.

Sindikufuna kuwayeretsa kuposa mmene analili. Anali ovuta. Anayambana ndi wowotcherera zitsulo wa kutsidya kwa msewu chifukwa makina ake ankagwedeza malaiti. Anayambana ndi mwana wa mlongo wawo weniweni chifukwa anazimitsa kompyuta pongozula chingwe. Ogulitsa zipangizo m'tauni ankati akawaona akubwera, ena ankanamizira kuti ali pafoni, chifukwa pawa sapulayi iliyonse ba Daka ankaiyeza kaye m'manja, ndipo ikapepuka ankaibweza pakauntala n'kunena mokweza, makasitomala akumva, kuti zolembedwa pambali pake ndi bodza. Pawa sapulayi ndi kabokosi kachitsulo kamene kamakhala m'kati mwa kompyuta, chakumbuyo. Kamalandira magetsi ochokera kukhoma, kamawafewetsa, n'kugawira ziwalo zonse. Ba Daka ankati ndi mtima. Ndipo mtima wopepuka sankaukhulupirira, kaya wa makina kaya wa munthu.

Pa ngodya ya tebulo lawo panali pawa sapulayi imodzi yopserera imene sinachokepo mpaka imfa yawo. Zakufa zina zonse ankapereka kwa otola zitsulo. Iyo yokha ayi. Nkhani yake ndi ya aNambewe.

Mpingo wathu unali ku Kalikiliki, komboni ina kufupi ndi kwathu. Ba Daka anali mmodzi wa akulu amene anaumba mabuloko ake pamodzi ndi abusa oyamba, munthu wofatsa amene anatisiya tikumufunabe. ANambewe analipo kuyambira nthawi imeneyo: mayi wamasiye wa ku Chadiza, wamfupi, wa maso ofiira ndi utsi wa mbaula, amene ana ake onse anatsogola kumanda. Abusa oyambawo anawapatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ndipo iwo ankasesa, kukolopa, kuchapa nsalu za paguwa, ndi kukazinga vitumbuwa vogulitsa pachipata. Ndiwo ankaphimba mbale ndi zikho za Mgonero ndi nsalu yoyera. Kwa iwo, chiwiya chilichonse cha m'nyumba ya Mulungu sichinayenere kukhala pambalambanda ngati poto wa kukhitchini.

Abusa atamwalira kunabwera ba Papa, munthu wachinyamata, wa mawu okoma ndi nsapato zosongoka. Dzina lawo sindilemba, Mulungu akulidziwa. Anabweretsa zokuzira mawu zikuluzikulu ndi kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, imene inkaponya nyimbo ndi mavesi pakhoma. Sindinena kuti zonse zinali zoipa. Azimayi okalamba amene analibe mabuku a nyimbo anayamba kuimba mitu ili m'mwamba.

Inali nthawi yotentha, mvula isanagwe, pamene ba Papa anakonza msonkhano waukulu wa alendo. ANambewe anaona kuti bokosi la kompyutalo linali lakuda, lokandikakandika, losayenera kuonedwa ndi alendo pafupi ndi guwa. Anatenga nsalu yoyera, anaisokerera mphonje ndi kamtanda pakati, n'kulivundikira lonse mpaka pansi, monga ankachitira ndi gome la Ambuye. Anyamata oyang'anira kompyuta anayamikira. Analikankhiranso kukhoma kuti alendo azidutsa bwino. Ba Daka kunalibe, anali ku Katete kukaika mlongo wawo.

Ulaliki uli pakati, kunamveka phu! Khoma linada. Fungo la waya wopserera linadzaza kutsogolo. Ba Papa anaima, anayang'ana alendo awo, ndipo m'malo monena kuti makina afa, tiyeni tipitirize ndi pakamwa monga ankachitira makolo athu, anakweza dzanja nanena kuti mdima uli m'nyumba momwemo. Wina analoza nsalu. Wina anafunsa amene anaisoka. Ndinayesa kulankhula, koma mawu a kalipentala sapikisana ndi zokuzira mawu. Pofika madzulo, mayi amene anachapa nsalu za paguwa kuyambira ife tili anyamata anali atasanduka mfiti. Ba Papa anawalamula kuti asalowenso m'tchalitchi, ndiponso kuti azikagona kwina mpaka akulu atakambirana.

Ba Daka atabwerako ndinawafotokozera zonse. Tsiku lotsatira mlembi wa mpingo, bambo wamantha amene ankayenda ngati akupepesa nthaka, anabweretsa kompyutayo pa wilibala, ataifunditsa makatoni, kudzera njira za kuseri.

"Mudala, muyanganeko chabe," anatero. "Koma osakamba maningi. Ba Papa sibafuna vokamba-kamba."

"Zokambakamba zachitika kale. Ikani apa."

Ndinkaganiza kuti akana. Koma mlembi atangochoka nkhope yawo inawala.

"A Tembo, Mulungu ndi wabwino. Ichi chikadzuka ndi sikuludilaiva, bodza lafa. Ndi mfiti yanji imene ingagonje kwa nkhalamba ya pampu ya njinga?"

Ndinasiya matabwa anga n'kuima pambali. Ananunkhiza, nagwedeza mutu. Anaonetsetsa kuti chingwe cha magetsi n'chozula, anadina batani loyatsira n'kuligwira kanthawi kuti moto wotsalira uthe, kenaka anagwira chitsulo cha bokosilo ndi manja onse, monga ankachitira nthawi zonse, kuti magetsi a m'thupi asalume ziwalo zanthete. Anatsegula chivundikiro cham'mbali. M'katimo munali fumbi la Kalikiliki lochindikala ngati bulangeti. Anazula mawaya onse ochokera ku pawa sapulayi, amodziamodzi, akuwatchula mayina chapansipansi ngati akuitana ana. Pa mtolo waukulu analumikiza waya wobiriwira ndi wakuda ndi kachitsulo kopinda, n'kulowetsa pulagi kukhoma. Fani sinagwedezeke.

"Mtima wafa," anatero. "Tipemphe kuti usakhale utapita ndi anzake."

Anazulanso pulagi. Anamasula masikuluwu a kumbuyo n'kuwaika m'chivindikiro cha botolo, natulutsa kabokosiko, nakayang'anitsa padzuwa. Timabowo take topumira tinali titatsekeka ndi fumbi lomata, ndipo m'fumbimo munali timaulusi toyera.

"Anaifunditsa ngati khanda," anatero, "pa dzuwa ili."

Kabokosiko sanakatsegule. Ankati m'kati mwake mumabisala moto ngakhale katafa, ndipo munthu wokonda moyo wake samakakonza, amangosintha. Anakwera minibasi kupita m'tauni, anakayambana ndi ogulitsa monga mwa chizolowezi, nabwerako ndi yatsopano yolemera, ya mphamvu zofanana ndi zolembedwa pa yakale ija. Anapopa fumbi lonse, anaimanga pamalo pake, anakankha waya aliyense mpaka kumva kuti wagwira, ndipo otsala anawamangirira pambali kuti asakhudze fani. Anaweramitsa mutu, nadina batani. Fani inazungulira, makina analira kamodzi, sikirini inawala. Ba Daka anavula magalasi nati, "Ambuye alemekezeke," ngati munthu amene mwana wake wadzuka pamphasa.

Loweruka tinabweza kompyutayo kwa mlembi, ndipo ba Daka anamuuza kuti mawa anthu auzidwe zonse poyera. Mlembi anavomera ndi mutu. Kuchokera kumeneko tinapita kwa aNambewe, amene ankagona m'khitchini mwa mayi wina wachifundo wa mu komboni ya Mtendere. Ba Daka anakhala pa kampando nawafotokozera kuti chinthu chija chimapuma.

"Chimapuma?" aNambewe anadabwa. "Nanga bwanji sanandiuze? Ine ndimati ndikuchilemekeza. Zikho za Ambuye timaphimba."

"Zikho sizipuma, amai. Kwa Mulungu simunalakwe. Munangolakwira fani."

ANambewe anaseka, misozi ili m'maso. "Ndiye mawa akawauza anthu?"

"Mawa dzina lanu liyera."

Lamulungu tinapeza kompyutayo ataiika patsogolo penipeni, patebulo, ngati wodwala amene abale abwera naye. Ba Papa anauza anthu kuti asala kudya sabata yonse chifukwa cha nkhondo imeneyi. Anaizungulira, anaisanjika manja, anathira mafuta pamwamba pake. Ndinamva ba Daka akubuula pambali panga poona mafutawo akutsetserekera ku timabowo. Ba Papa anafuula kuti chimene chinamangidwa chimasuke, nadina batani. Khoma linawala. Nthungululu, ng'oma, anthu kugwa pansi.

"Mwaona?" anatero ba Papa. "Mwine wa nsalu achoka chabe pa yadi, kuwala kwabwela! Nani anagwila ichi chinthu? Kulibe! Ni moto wa kumwamba!"

Mlembi ankayang'ana nsapato zake.

Ba Daka anaimirira. Anali ndi pulasitiki m'manja, imene anabwera nayo poganiza kuti awaitana kutsogolo kukaonetsa anthu. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, tayi ili bwinobwino, natulutsa pawa sapulayi yopserera ija, naikweza m'mwamba.

"Abale, ichi ndicho chinafa. Ndachichotsa ine, ndi manja awa, pa khonde langa, a Tembo akuona. Chatsopano ndakagula m'tauni. Mulungu amachita zozizwitsa, ine ndaziona pa moyo wanga, koma ichi si chimodzi mwa izo. Musamunamizire Mulungu, ndipo musawanamizire amai aja."

Ba Papa sanakwiye. Anamwetulira, natsika paguwa, naika maikolofoni pakamwa pa ba Daka.

"Zikomo, ba mudala batu. Manje tiuzeni, imwe bakatswili: chinapaya ichi chinthu ni chani?"

Msamphawo ndinauona ndili pa benchi. Ba Daka akanatha kunena kuti ndi malaiti a mu Kalikiliki, amene amapita ndi kubwera osalonjera munthu. Aliyense akanakhulupirira. Koma mkulu uja sanaphunzirepo kudula choonadi kuti chikwane m'thumba.

"Kutentha," anatero. "Fumbi limene palibe analichotsapo chiigulireni, khoma limene munaikankhirako, ndi nsalu imene inatseka mpweya. Koma nsaluyo amai aja..."

"Nsalu!" Ba Papa anali atachotsa kale maikolofoni. "Mwamvela mweka! Na bakatswili bavomela! Ni nsalu!"

Mawu otsalawo anamira m'ng'oma. Anyamata olondera pakhomo anawagwira m'mikono, mkulu amene anaumba mabuloko a khoma lomwelo, nawatulutsa panja ngati chidakwa chosokoneza ukwati. Kabokosi kawo sanakagwetse. Ndinatuluka nawo. Panalibe wachitatu.

Madzulo ake, katundu wa aNambewe tinamupeza atamuponya kunja kwa chipata: mphasa, mbaula, mapoto, ndi nsalu ija itapondedwapondedwa. Tinanyamula pa wilibala yanga. Ba Daka anatulutsa makompyuta akufa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, anasesamo, nawapatsa kiyi. ANambewe atafunsa ngati dzina lawo layera, ba Daka anayang'ana pansi.

Amene sanakhalepo mu komboni sangadziwe kulemera kwa dzina lakuti mfiti. Vitumbuwa vawo vinasiya kugulidwa. Pampope azimayi ankakokera ndowa zawo kutali. Mwana akadwala malungo mumsewu wathu, maso ankatembenukira kuseri kwa nyumba ya ba Daka. Munthu amene moyo wake wonse anali wa m'nyumba ya Mulungu anayamba kupemphera yekha pamphasa, zenera lotseka, kuti oyandikana nawo asanene kuti akutemberera. Malemba, kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto, satopa kunena za Mulungu amene amamva kulira kwa mkazi wamasiye, ndipo lamulo loletsa umboni wonama ngakhale ana a Sande sukulu amaliloweza. Anthu awa ankaliponya pakhoma ndi kompyuta yomweyo, zilembo zikuluzikulu, osachita manyazi.

Kuyambira pamenepo kabokosi kopserera kanakhala pa ngodya ya tebulo. Aliyense wofunsa kuti mudala, ichi chakufa musungiranji, ba Daka ankamukhazika pansi, kumuonetsa timaulusi, kumufotokozera kuyambira pachiyambi. Makasitomala ena anasiya kubwera. Anyamata ankachenjezana kuti ukapita kwa mudala usafunse za kabokosi, udzachokako dzuwa litapendeka. Ba Daka ankadziwa, ndipo sankasamala.

Ba Papa anatumiza akulu kangapo. Ankabwera ndi shuga ndi mawu ofewa: bwererani, mpando wanu ulipo, takukhululukirani. Ba Daka ankawalandira bwino, kuwapatsa pokhala, kufunsa za ana, kenaka kuloza kabokosi. Yankho linali limodzimodzi nthawi zonse. Mpando sakuufuna, kupepesedwa sakufuna. Akufuna mawu ochepa chabe, onenedwa pa guwa lomwelo pamene bodza linanenedwa, akuti aNambewe si mfiti. Akuluwo ankati zimenezo zingagwetse utumiki. Ba Daka ankayankha kuti utumiki woima pamsana pa nkhalamba yamasiye ugwe msanga usanaithyole msana. Shuga ankabwerera naye.

Ndewu yaikulu ya ine ndi iwo sinali ya utuchi. Patapita zaka, kompyuta ija inayamba kuzima yokha, chifukwa mafuta aja anali atagwira fumbi n'kumata paliponse. Mlembi yemweyo anabwera nayo pa wilibala. Ndinadutsa pansi pa masaka ndili ndi hamala m'manja.

"Mudala, mukaigwila iyo, ine na imwe tasiyana! Isiyeni ife! Bakaipempelele!"

"A Tembo, makina analakwa chiyani?"

"Bazakamba futi ati ni chozizwitsa!"

"Adzanena. Koma m'tchalitchimo muli azimayi amene saona zilembo zazing'ono. Khoma likada, amene adzasiye kuimba ndi iwo, osati wa nsapato zosongoka uja."

Anaikonza. Koma anaikonzera pamsewu, masana, tebulo atalikokera padzuwa, akuuza aliyense wodutsa kuti iyi ndi ya tchalitchi chakutichakuti ndipo akuipukuta mafuta. Mlembi anaima pomwepo mpaka ntchito kutha, thukuta lili chuchuchu. Ine ndinakhala masiku osawalankhula. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino. Chimene ndidziwa n'chakuti popanda tsiku limenelo, chithunzi chawo sichikanaoneka pakhoma tsiku la maliro.

Ba Daka sanadwale nthawi yaitali. Nditakawaona kuchipatala anandifunsa zinthu ziwiri: ngati ndaphimba odwala amene anatsala patebulo, ndiponso ngati ku Kalikiliki anena kanthu. Ndinati odwala ndaphimba, koma ku Kalikiliki kuli zii. Anatseka maso nati, "Musatope."

Ana awo amakhala ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo nkhaniyi ankaimva patalipatali. Ba Papa atadzipereka kuti mwambo uchitikire m'tchalitchi chachikulu, ndi matenti ndi mabasi, anavomera mothokoza. Ndinawachenjeza, koma anati ino si nthawi ya milandu. Choncho mtembo wa ba Daka unalowa pakhomo limene mwini wake anatulutsidwapo.

Ba Papa analankhula nthawi yaitali. Anati ba Daka anali kholo, anali wodzichepetsa, ankakonza zinthu za mpingo osafuna kutchulidwa. Osafuna kutchulidwa! Munthu amene munamukoka m'mikono chifukwa ananena poyera chimene manja ake anachita! Komabe ndinadikira. Bokosi linali patsogolo, anthu anali chete, mitima inali yofewa. Mpata woposa umenewo sudzapezekanso. Mawu ochepa aja akanatuluka pamenepo, ine ndikanakhala woyamba kugwada. Sanatuluke. Tinaimba nyimbo yotsiriza tikuwerenga pakhoma. Malemba amawadziwa bwino anthu otere, okongoletsa manda a olungama amene iwo omwe anawakana ali moyo.

ANambewe sanalowe. Kunyumba ya maliro azimayi anali atawaletsa kugwira mapoto, ndipo kutchalitchi anakhala kunja kwa mpanda, pa mwala, pafupi ndi pamene ankagulitsira vitumbuwa. Nditatuluka anandikoka jekete.

"Anena?"

Ndinapukusa mutu.

"Basi, a Tembo. Amene ankadziwa wapita."

Ayi, amai, sanapite onse. Popeza guwa lakana, ndilemba ine pano, ndipo amene akuwerenga awerengere ena mokweza. ANambewe si mfiti. Sanakhalepo mfiti. Anaphimba bokosi ndi nsalu yoyera chifukwa anaphunzitsidwa kulemekeza za m'nyumba ya Mulungu, ndipo panalibe mmodzi mwa anyamata oyang'anira aja amene anawauza kuti limapuma. Chinapsa ndi pawa sapulayi. Anaisintha ndi ba Lameki Daka, ine Tembo ndikuona. Wofuna kutsutsa abwere ku Kalingalinga, umboni uli patebulo.

Khonde lija lilipobe. Eni ake a odwala anabwera kudzatenga zawo, zina zokonzedwa, zina ayi. Pampu ya njinga ili pa msomali wake, bulashi ili m'chitini, ndipo m'chivindikiro cha botolo mwatsala masikuluwu amene palibe akudziwa kwawo. Masaka aja ang'ambika, ndipo utuchi wanga tsopano umadutsa mwaufulu n'kukatera patebulo. Nthawi zina mphepo ikamaomba ndimapala dala mwamphamvu, khutu lili kukhoma. Satuluka munthu.

M'mawa uliwonse aNambewe amasesa khondelo, amapukuta tebulo, amanyamula kabokosi kopserera, kupukuta pansi pake, n'kukabwezera pa ngodya pomwepo. Tsiku lina anabwera ndi nsalu ija, ataichapa mpaka mapazi a anthu anafufutika. Anaima nayo m'manja kwa kanthawi, kenaka anandiitana kudzera pong'ambika pa masaka.

"A Tembo, aka kamapuma?"

"Iyayi, amai. Ako kanaleka kupuma kalekale."

Anakaphimba bwinobwino, kamtanda kali pakati, nawongola mphonje mbali zonse, monga ankachitira ndi zikho za Ambuye.